Mthunzi wa Mapanelo pa Nsipe

Pa Nsipe, pomwe minibasi zochokera ku Balaka zimaima, panali mkuyu waukulu womwe unkaphimba mabenchi onse a amayi ogulitsa ndiwo. Amayi anga, a Nagama, ankagulitsa tomato ndi mbatatesi pamenepo, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pambali pawo mpaka nthawi yolongedza. Ndinabadwa ndi khungu la chialubino. Zaka zimenezo pa wailesi pankamveka nkhani zoopsa za ana onga ine, choncho amayi sankalola kuti nditsale ndekha pakhomo. Bambo anali ku Joni. Pomwe pali amayi, ine ndinali pomwepo.

Chaka chomwe ndinali mu Sitandade 4, mvula yamkuntho inazula mkuyu uja. Anthu anagawana nkhuni akuseka, poti kunja kunali mitambo. Kuseka kunatha mwezi wa Okutobala utafika. Phula la mumsewu linkafewa mpaka kugwira patapata. Pamwamba pa malata a magolosale mpweya unkachita kunjenjemera, ndipo fungo la kabichi wofota linkasakanikirana ndi utsi wa malole. Tomato ankakhwinyata wogula asanamufunse mtengo.

Ngati tomato ankatero, nanga ine? Ndinali ndi chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta odzola ochokera kuchipatala, koma dzuwa linkandipeza basi. Milomo inang'ambika, pakhosi panatuluka matuza, maso ankangochucha misozi. Amayi anayesa ambulera, koma lole iliyonse ikadutsa mphepo yake inkaitembenuza. Kenako anayamba kundilowetsa kunsi kwa benchi, pakati pa madengu, moti wogula wina anadzidzimuka ataona dengu la anyezi likuyetsemula. Makonde a magolosale anali kutsidya kwa msewu, oyang'ana kumene dzuwa limalowera, ndiponso kutali ndi diso la amayi.

Tsiku lina akundipaka mafuta pakhosi, amayi anati, "Tadala, sukulu ikatsekera upita kwa azakhali ako ku Biriwiri. Kumapiri kuja n'kozizira. Ukakhala komweko."

Ndinali ndisanagonepo nyumba ina popanda amayi, ndipo ndinaona kuti iwonso ankayang'ana kumbali polankhula.

Nthawi yomweyo amayi a pamsika anali atagwirizana zogulira limodzi mapanelo a sola, kuti azikhala ndi filiji yosungira ndiwo, poikira mafoni pa moto, ndi mababu ounikira mabenchi. Wapampando wa gululo anali Abiti Jafali, mayi wachisilamu yemwe anali ndi golosale yaikulu kutsidya kwa msewu. Anali wamtali, wa mawu okhuthala, ndipo ana tonse tinkamuopa chifukwa sankaseka wamba. Zonse zinali zitakonzedwa kuti mapanelo aikidwe padenga la golosale yawo, filiji ikhale mkati.

Tsiku lomwe mmisiri anabwera ndi makwerero ake, Abiti Jafali anawoloka msewu kudzaitana amayi anga. Anandipeza ndili kunsi kwa benchi, ndikulira mwakachetechete. Anawerama, nanditukula chibwano ndi chala chonunkhira sopo wa m'golosale, n'kuyang'ana matuza aja nthawi yaitali.

"A Nagama, zoti mwanayu akupita ku Biriwiri n'zoona?"

"Nanga nditani, Abiti? Dzuwali lindiphera mwana."

Abiti Jafali anadzuka, n'kukuwira mmisiri yemwe anali atakwera kale padenga. "Achimwene, tsikani! Zinthu zanuzo zimafuna dzuwa, si choncho? Ndiye bwerani nazo kuno kumene dzuwa latikwana. Muziimike pamitengo, pomwe panali mkuyu."

Mmisiri anakana poyamba. Anati pafupi ndi msewu pali fumbi, pali akuba, ndiponso waya wopita kugolosale sangadutse pamsewu. Amayi ena anang'ung'udza kuti akatero ndiye kuti filiji ichedwa, chifukwa pafunika kumanga kachipinda kake tsidya lino. Abiti Jafali anawamvetsera onse, manja ali m'chiuno.

"Fumbi tizipukuta, manja tili nawo. Akuba, mlonda wa msika alipo. Filiji idikire. Tomato akaola timadzala wina, koma mwana wa a Nagama ndi mmodzi yekhayu."

Kenako mayi wina wogulitsa kabichi anati, "Komanso ifetu mitu yatiwawa mokwanira." Anthu anaseka, nkhani n'kutha.

Alimi a ku Biriwiri omwe ankatibweretsera mbatatesi anamva, ndipo ulendo wotsatira anabwera ndi milongoti ya bulugamu pamwamba pa matumba. Amuna a kumzikiti ndi a kutchalitchi anakumba maenje limodzi, akutsutsana za mpira. Mapanelo atakwezedwa, pansi panagwa mthunzi wamakona anayi, waukulu ngati mphasa zingapo zoyalidwa pamodzi. Sunali ngati wa mkuyu ayi. Unalibe mbalame, unalibe nkhuyu zogwera m'madengu. Koma ndimakumbukirabe mmene khungu langa linapumira nditalowamo koyamba, ndi kamphepo ka fani yaing'ono yomwe mmisiri uja, atasiya kukwiya, anamangirira pamlongoti moyang'ana pamene ndinkakhala. Mthunziwo unkasuntha ndi dzuwa, ife n'kumasuntha nawo, madengu, mabenchi ndi miseche yomwe.

Ku Biriwiri ndinapitako pa Khirisimasi pokha, ndi amayi, n'kubwerera nawo. Filiji inabwera mvula itayamba kale.

Lero ndimakhala ku Lilongwe, m'dera lomwe aliyense anadula mitengo n'kuwaka simenti pabwalo, moti masana khoma limaotcha ngati mbaula. Sola siichititsanso chidwi. Ili pamadenga, pazipatala, pamijigo, ngakhale pamagetsi a mumsewu, ndipo ndimakondwa kuiona. Ku Nsipe nako mapanelo anachuluka, ndipo amayi a pamsika anadzala mitengo m'mbali mwake, yomwe tsopano yandipitirira msinkhu.

Chaka chatha ndinakawaona Abiti Jafali. Akalamba, golosale akuyendetsa ndi adzukulu. Ndinagwada pafupi nawo n'kuyamba kuthokoza ndi mawu omwe ndinawakonza ulendo wonse m'basi. Anandidula pakati.

"Iwe, usandinamizire chifundo. Ine ndinkangofuna denga langa lisabooledwe."

Adzukulu anaseka, inenso ndinaseka. Koma dzanja langa sanalisiye mpaka tiyi atazizira.