Maondo Anga Sanafiire

Ndikukumbukira chaka chimene maondo anga anayamba kutupa. Ndinali mwana wa pulayimale, tikukhala m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba ina ku Area 10, kumene bambo ankasamalira maluwa. M'mawa ndinkadzuka miyendo itauma gwa, osatha kuipinda. Dzuwa likakwera inkamasuka, ndipo masana ndinkathamangitsa mpira wa mapepala ndi anzanga pansi pa mitengo ya jakaranda. Zimenezi n'zomwe zinandipachika.

Bambo ananditengera kuchipatala pa njinga. Pamene mzere unatifikitsa kwa dokotala, dzuwa linali pamutu ndipo ndinalowa ndikuyenda bwinobwino. Dokotalayo anali wachinyamata, Mmalawi mnzathu, atangobwera kumene kuchokera ku maphunziro kunja. Anandiyang'ana maondo osawakhudza.

"Ikanakhala nyamakazi, pakanafiira apa," anatero. "Bambo, mwanayu akuthawa sukulu."

Khadi la tsiku limenelo ndikadali nalo m'faelo yanga, ndipo ndikaliona mtima umandiwawabe. Bambo ankalemekeza anthu ophunzira kuposa china chilichonse. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ankandidzutsa ndi kanthambi ka pichesi. "Dzuka iwe! Ndiye kuti adokotala anama?" Kamtengoko sikankandipweteka kwambiri. Chinkandiwawa n'choti bambo anga ankandiyesa wabodza.

Tsiku lina amayi anandibereka kumbuyo m'bandakucha, ngakhale ndinali wamkulu, miyendo ikulendewera, kuti tikafike kuchipatala maondo asanamasuke. Tinapeza dokotala wina, mayi wa imvi. Iwo anagunditsa kuseri kwa dzanja lawo pa bondo langa, kenako pa msongolo, n'kubwereranso pa bondo. Dzanjalo linkazizira ndipo linkanunkhira sopo. Anaitanitsa dokotala wachinyamata uja pamodzi ndi ophunzira ena.

"Gwirani nonse, mmodzimmodzi," anatero. "Zithunzi za m'mabuku anu n'za khungu loyera lokhalokha. Pakhungu lathuli moto suoneka ndi maso, umamveka ndi dzanja."

Dokotala wachinyamatayo anagwira, n'kumva kutentha kwa bondolo. Kenako anati, "Pepa, mphwanga."

Madzulo amayi anafotokoza zonse. Bambo sanapepese. Amuna a nthawi imeneyo sankapepesa kwa mwana. Anangotereka madzi pamoto, n'kundithowa maondo iwo eni, pang'onopang'ono, ndi manja awo okhakhala aja.

Lero zala zanga zinapindika, ndipo mwezi ndi mwezi ndimapita ku kiliniki ya nyamakazi. Akatifunsa ngati tikulola kuti madokotala ophunzira atipime, anzanga ena amakana, ati safuna kuphunziriridwapo. Ine ndimapinda thalauza ndisanafunsidwe kawiri. Ndinazindikira kuti dokotala amadziwa matupi okhawo amene anamuonetsa. Mnyamata uja ndinamukhululukira kalekale. Amene ndimakwiya nawo mpaka lero ndi amene anamuphunzitsa n'kumutumiza kwathu, asanamugwiritsepo bondo la mwana wakuda ngakhale limodzi.