Mota ya Kumanda

Musandiuze za anyamata a masiku ano othamangitsa mota, njinga zamoto zija, pamsewu wosalala ngati alumidwa ndi mavu. Woyendetsa mota weniweni anali mlongo wanga, a Teodoro, kwathu ku Mualadzi. Motayo inali ya kumishoni. Ansembe pothawa nkhondo anaisiya m'manja mwa a Teodoro, poti ndiwo ankaikonza.

Nthawi imeneyo msewu wa ku Cassacatiza unali wa mabomba okwirira, ndipo iwo sankaupondako n'komwe. Ankadzera m'tinjira ta ng'ombe, m'makwawa, m'mitsinje youma, maso ali pa ndowe zaziwisi. "Pomwe ng'ombe yaponda lero, nafenso tiponda," ankatero. Wodwala wa kayakaya ankamumangirira kumsana ndi nsalu, ulendo wa kuchipatala ku Zambia.

Amfuti anamva mbiri ya motayo. Anabwera dzuwa lili paliwombo n'kuwakhazika pansi.

"Mota ili kuti?"

"Inamwalira. Tinakaika kumanda."

Sankanama ayi! Motayo inkagonadi kumanda, m'msitu momwe mumatulukira zilombo za gule. Mkatolika wosaphonya misa, kukapempha malo kudambwe! Akuluakulu a gule analola, poti nawonso ana awo ankadwala. Amfuti aja atafika m'mphepete mwa msitu anaima chilili. Ena mwa iwo anali ometa, olowa gule, ankadziwa kuti kumeneko salowa chilowelowe. Ukali wonse anauthira pa a Teodoro. Anawaphwanya dzanja lamanja, lomwe limapotokola moto wa mota.

"Tione tsopano ukwera bwanji," anatero wamkulu wawo.

Ine ndinalira, koma sichinali chisoni chokha, analinso mantha. Ndinali wotopa, ndipo azamba anali atandiuza kale kuti mwana wagona chopingasa, pakhomo sindichira. Ndinapita kwa mlongo wangayo ndili lavulavu.

"Achimwene, ndiye ine ndafa basi!"

"Iwe Feliciana, leka phokoso. Kodi andiphwanya manja onse?"

Kuyambira pamenepo ankazembera kumanda, sipanala ataluma kukamwa, mpaka anasamutsira chopotokolera moto chija kumanzere. Tsiku langa litakwana, kutangocha, mudzi wonse unamva thuthuthu kuchokera kumanda. Dzanja lophwanyikalo anali atalimangirira pachiwongolero ndi luzi. Ine anandimangirira kumsana kwawo.

Njira yonse ndinatukwana. Mwala uliwonse, chitsa chilichonse, ngakhale iwo amene ndinawatukwana. Thukuta lili kamukamu ndi ululu wa dzanja, koma ankangoseka. "Tukwana, mlongo wanga, ndidziwe kuti ukadali moyo!"

Dzanjalo silinawongokenso. Mpaka imfa yawo ankapereka moni ndi lamanzere, kaya kwa ansembe kaya kwa akulu a boma, osapepesa ngakhale kamodzi. Mwana amene ndinachira tsiku limenelo ndi uyu mumamutcha Manzereyu. Amene akufuna kuseka dzina limeneli ayambe waonana ndi ine.