Mphindi Zinayi za Verlene Tubbs

Ndinamudziwira m'basi ya ku Central Avenue, mumzinda uno wa mafilimu, mu 1943, atafukata nsapato zake zovinira ngati khanda. Anali Verlene Tubbs, mwana wa mbusa wa ku Mississippi. Ine ndinkasoka zovala za m'mafilimu. Iye anali atavala kale epuloni ya wantchito wa m'nyumba m'mafilimu khumi ndi imodzi: kunyamula thireyi, kutsegula chitseko, kunena "Inde, dona," n'kuzimiririka.

"Kwathu ndinathawa kutsuka mbale za azungu," ankatero. "Kuno ndikutsuka mbale zoyera kale."

Chaka chimenecho anamupatsa gule wakewake: mphindi zinayi, diresi lasiliva, oimba malipenga kumbuyo. Anayeserera milungu isanu mpaka zikhadabo za kuphazi zinathothoka. Chimodzi chokha sanachizindikire. Pojambula, panalibe mzungu ndi mmodzi yemwe pafupi naye. Palibe anamulankhula, palibe amene iye anamuyankha. Ife amkhalakale tinkadziwa chifukwa chake. Gule wotere ankamusokerera pafilimu ngati thumba lapamwamba: ukalisosola, malaya amatsala abwinobwino. Nyumba za kanema za kummwera, monga kwawo ku Mississippi, sizinkafuna munthu wakuda wovala siliva, ndiye lumo linkadutsa. Diresilo ndinasoka ndine, koma pakamwa ndinatseka.

Verlene analembera mayi ake kuti akamuone. Mayi Tubbs, amene ankati kanema ndi msampha wa Satana, anavala chipewa cha kutchalitchi, natenga amayi asanu ndi awiri a kwaya. Anakwera masitepe akumbali opita kumtunda, kumene anthu athu ankaloledwa kukhala. Anaonera filimu yonse. Anakhalanso kuti aionere kachiwiri, poganiza kuti mwina anaphethira.

Yankho lawo Verlene anandiwerengera ataima pakhomo panga, chikhoto asanavule.

"'Mwana wanga, sitinakuone. Ngati ntchito ukugwira kumeneko ndi yosatchulika, bwerera, Mulungu amakhululuka. Koma usadzandinamizenso pamaso pa anthu.'" Anapinda kalatayo. "Achemwali, inu munkadziwa?"

"Aliyense amadziwa zimenezi, mwana iwe."

"Aliyense? Nanga ine ndine chiyani, chitsa?"

Analembera mayi ake kufotokoza za lumo lija, koma ndani kumudzi angakhulupirire kuti munthu wathunthu amadulidwa ngati ulusi? Anawachonderera kuti akwere sitima adzaone okha kuno. Mayiwo anakana kawiri, ndipo chisanu chotsatira anatsikira kulichete. Pamaliro, amayi a kwaya aja anamupatsa moni ndi nsonga za zala.

Anavalanso epuloni zaka zina khumi, kenako anakalowa ntchito yophikira ana pasukulu ina ku Watts. Nsapato zija anapatsa mwana wa neba. Ine sanandide, koma sanandilolenso kumusokera kanthu, ngakhale batani.

Mu 1988, ng'ala itamuphimba maso onse awiri, anthu a kuyunivesite anafukula filimu ija yathunthu, natitumizira galimoto. Anatikhazika mipando yakutsogolo. Verlene anamvetsera kugunda kwa mapazi ake, chala chikugogoda pabondo. Gule atatha, holo yonse inaimirira kuomba m'manja, ndipo pulofesa wina anagwada pambali pake.

"Mayi Tubbs, mukumva bwanji kuti tsopano dziko lakuonani?"

Verlene anapendeketsa mutu ngati akuwerenga manjawo.

"Alipo wa kwathu ku Mississippi muno?"

Pulofesa anafunsa mokweza. Palibe anakweza dzanja.

"Ndiye tandipatsireni ndodo yangayo, bambo," anatero Verlene. "Ndakhalitsa."