Njere ya Labala Pakhosi Panga

Kachitini ka mkaka wa ufa, kopindika chivindikiro, ndi kamene ndinkasungiramo njere zanga chaka chimene amayi, omwe anali namwino, anawasamutsira kuchipatala chaching'ono kufupi ndi Chintheche. Tinachoka ku Ntcheu awiriwiri. Ndinali mu Sitandade 5, Chitonga sindinkachimva, ndipo pa buleki ndinkadya chinangwa changa ndekha kuseri kwa kalasi.

Aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti zipatso zouma zili pawiri. Zina zikakhwima zimang'ambika zokha, monga nandolo, nsatsi ndi therere. Zina sizitseguka mpaka munthu aziswe, monga mtedza ndi mpendadzuwa. "Mukatole za mitundu yonse," anatero. Ine ndinalimbikira kuposa onse, poti kutola njere sikulira mnzako.

Inali nyengo imene zipatso za mitengo ya labala zimaphulika. Dzuwa likakwera unkangomva kuthetheka m'mwamba, kenako njere zikugwa pamasamba ouma, zosalala, zamawangamawanga ngati nsatsi zikuluzikulu. Ana a m'kalasi mwathu ankazikwecha pasimenti ya pakhonde mpaka zitatentha, n'kumaotchana nazo pamikono, akuseka ndi kuthamangitsana. Ine ndinkangoonerera, mtima ukuwawa.

Tsiku lina mtsikana wosweka dzino lakutsogolo, amene ankakhala kumbuyo kwanga, anandigunditsa njere yotentha pakhosi. Ndinakuwa. Iye sanathawe. Anangoima pomwepo akumwetulira, mkono wake atautambasulira kwa ine, akuyankhula zimene sindinamve. Ndinathamangira kunyumba ndikulira.

Lero amayi sindiwaimba mlandu. Nawonso ankabwera kuntchito atatopa ndi kusekedwa akalephera kumva odwala. Ataona kachipsera kaja sanafunse zambiri, ndipo m'mawa mwake anafika kusukulu atavala yunifolomu. "Mukundizunzira mwana chifukwa ndife obwera?" Mawu amenewo ndimawakumbukirabe. Mtsikana uja anakwapulidwa pamaso pa tonse, masewerowo n'kuletsedwa.

Pa ntchito ya sayansi ija ndinakhala woyamba. Aphunzitsi anapachika pakhoma katoni imene ndinamatapo njere zanga, koma palibe mwana anapita kukaiona. Mpaka pamene tinasamuka, pamzere wa asembule ankandisiyira mpata kutsogolo ndi kumbuyo.

Ndinkati andiopa tsopano, ndipo ndinkanyadira pang'ono. Sindinkadziwa kuti ana aja sankaotcha munthu wamba koma mnzawo, ndi kuti mtsikanayo anatambasula mkono kuti nanenso ndimuotche.