Ndowa ya Pansi pa Eyakoni

Kushopu ya telala kumene ankagwira ntchito ankamutcha Nasingano, chifukwa ulusi ankaulowetsa pasingano maso ali kwina, uku akuseka ndi makasitomala. Dzinalo linamutsatira mpaka kunyumba. Ngakhale mwamuna wake, dalaivala wa lole, akafuna kumunyengerera ankati, "Nasingano wanga."

Ntchitoyo anaisiya kaye chaka chimene apongozi ake aamuna anagwa ndi sitiroko. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa panapotoka, mawu ankangotuluka odukaduka. Anawatengera kunyumba yawo ya lendi, pansanjika yapamwamba, n'kuwagoneka m'kachipinda kamene dzuwa la masana limamenya khoma ngati linalakwiridwa. Thukuta linawatulutsa zilonda kumsana. Ana awo atakhala pansi anagwirizana zogula eyakoni kuti chipindacho chizizizira.

Kudzaika makinawo kunabwera mmisiri wina wamfupi, wolongolola ngati wailesi. Anapachika bokosi loyera pamwamba pa khoma, linzake laphokoso lija n'kulimangirira pazitsulo kunja. Mwamuna wa Nasingano atamupatsa chingwe cha magetsi chimene ankalumikizako simbi, iye anakana.

"Ayi bwana, makina awa ndi adyera, sadya ndi anzawo. Afunika soketi yawoyawo, apo ayi mudzawotcha nyumba ya eni."

Mapaipi a mpweya anawadutsitsa pabowo lakale la pafupi ndi denga. Koma eyakoni imatulutsanso madzi, ndipo kapaipi ka madziwo kanafunika bowo lina cham'munsi, pakuti madzi sakwera phiri. Apa mpamene eni nyumba anatemetsa nkhwangwa pamwala.

"Khoma langa si sefa," anatero bambowo. "Tsiku losamuka, mabowo anuwo mudzanyamula?"

"Zosavuta," anatero mwamuna wa Nasingano. "Paipiyo ingotsikira m'ndowa momwemo."

Mmisiri anakanda m'mutu. "Bwana, ndowatu imafuna mwini."

Onse anaseka. Palibe anafunsa kuti mwiniyo akhala ndani.

Chipinda chinazizira ndithu, zilonda za apongozi zinayamba kuuma. Koma kapaipi kaja kanali kungoti tho, tho, tho, osapuma. Kunja kukakhala chinyontho, ndowa inkadzadza Nasingano asanamalize n'kuchapa komwe. Akamapita kumsika ankayamba wataya madzi, ndipo ankagula zinthu osanenerera n'komwe mtengo, mtima uli pandowa. Manyazi a pa chipongozi anathera pabeseni losambitsira. Anazolowera kuwatembenuza, kuwadyetsa, kuwapukuta dovu, zonsezi khutu lili tcheru kumva ngati kulira kwa dontho kwasintha, chifukwa ndowa ikamadzadza imalira mosiyana.

Tsiku lina anachedwa pamzere kuchipatala ndi mwana wake wakhanda. Pofika anapeza madzi ayenda pansi ponse, atatsala pang'ono kufika pachingwe cha ketulo chimene chinali pafupi ndi bedi. Apongozi anali chigonere, akuwayang'ana madziwo, dzanja lamoyo lija litagwiritsa bulangete. Nasingano sanapondemo. Anathamangira kaye kukazimitsa magetsi a nyumba yonse, kenako n'kuyamba kukolopa, mwana ali kumsana. Kuyambira tsiku limenelo sankapitanso kutali kuposa pagolosale ya pansi.

Ndiye mayi mwini shopu ya telala ija anaimba foni.

"Nasingano, makina ako akuchita dzimbiri kuno. Ntchito yandithina pakhosi. Ukapanda kubwera mwezi uno, ndikhazikapo wina. Usadzati sindinanene."

Madzulo anamuuza mwamuna wake.

"Ine sindikukaniza, amake mwana," anatero iye. "Koma ndowa ija azitaya ndani?"

Anaimbira mlamu wake, mchemwali wa mwamunayo, amene ankakhala chapafupi.

"Iii alamu, ine kukhala ndi bambo si nkhani, ndi bambo anga. Koma msana wangawu ndi ndowa yanuyo sizimwerana madzi."

Aliyense ankaloza ndowa. Choncho Nasingano anaganiza kuti akathana ndi ndowayo, chitseko chitseguka. Anadikirira eni nyumba pamasitepe, n'kuwapempha mwaulemu kuti akwere adzaone. Anawaonetsa penti imene inatupa m'munsi mwa khoma, ndi simenti imene inayamba kufumbutuka pamene madzi ankatayikira.

"Bambo, sankhani nokha," anatero. "Bowo limodzi, kapena khoma lonse."

Bambowo anakanda pentiyo ndi chikhadabo, inayoyoka. Anatsonya. "Likhale laling'ono. Ndipo asandiphwanyire njerwa."

Mmisiri anabweranso ndi choboolera chake. Anayamba wazimitsa makina, n'kupempha kuti apongozi awafunditse nsalu kumaso chifukwa cha fumbi. Anaboola mopendeketsa kuti kunja kutsike, anadutsitsa kapaipi, n'kukalumikiza kupaipi ya madzi a padenga kuti kasamadonthere anthu a pansi. M'mbali mwa bowo anamata bwinobwino. Atatsegula chivundikiro cha bokosi loyera lija anasolola sefa itada bii.

"Mayi, iyi muzitsuka kawirikawiri, makina mutazimitsa. Madzi okha, osakwecha, muziyanika pamthunzi. Ikatsekeka, madala awa azipuma fumbi lomweli." Kenako anaikankha ndowa ndi phazi. "Iwe ntchito yakuthera. Kafunsire kwina."

Apongozi anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Nasingano nayenso anaseka, kuseka kwenikweni, kumene anali atakuiwala. Anasita diresi lake lopitira kuntchito, natulutsa sizasi yake m'sutikesi.

Mwamuna wake atabwera anamuonetsa bowolo. Iye analisuzumira, analiyamikira, kenako anakhala pampando n'kuyamba kuvula nsapato pang'onopang'ono.

"Zakhala bwino. Komano magetsi akazima, zenera atsegule ndani? Nanga kuwatembenuza? Ukudziwa kuti bambo anakuzolowera iweyo."

Nasingano anaimbiranso mlamu wake n'kumuuza kuti ndowa kulibenso.

"Zoona? Mwachita bwino alamu! Kungoti sabata ino ayi, ndili ndi alendo. Tiyeni tione mwezi wamawa."

Mwezi wamawa unafika, alamu osaoneka. M'mawa wina Nasingano anamupempha mwamuna wake kuti achedweko pang'ono kupita ku lole, iye n'kuthamangira kushopu. Ali pakhomo anamva makina ake akulira. Panali patakhala mtsikana wina wamangongo, akupalasa mwaliwiro, mpando atautsitsa kuti umukwane.

Mayi wa shopu anamukokera pambali. "Ndinakudikira, mwana wanga, koma makasitomala sadikira." Anayang'ana diresi lositalo, kenako anatola thumba la mathalauza pansi pa tebulo. "Awa ndi ongopinda miyendo pamanja. Ukhoza kumasokera kunyumba, pambali pa odwala."

"Ndibweretse liti?"

"Ukapeza mpata."

Anakwera masitepe thumba lili pamutu. Mwamuna wake anali ataima kale pakhomo, makiyi a lole ali m'manja.

"Wachedwatu. Bambo akufuna kutembenuzidwa, ine ndimaopa kuwapweteka."

Nasingano anaika thumbalo pakona, navula nsapato, n'kupita kukasamba m'manja.