Chilombo cha a Elifala

A Elifala a ku Ntchisi ndi mmisiri wa madengu ndi mipando ya nsungwi, komanso anali dikoni pa mpingo wa m'mudzi mwawo. Ali mnyamata ankadyetsa mbuzi m'phiri, n'kumaonerera mbira zikuwothera dzuwa pamiyala. Funso limene linawagwira nthawi imeneyo akalamba nalo: mitengo ikadzatha, phiri n'kuzizira koopsa, mbira idzadya chiyani?

Yankho analipeza okha. Idzadya nyama. Pakadzapita zaka zosawerengeka, zidzukulu za mbira zidzakula ngati thole la ng'ombe, mano aataliatali, ubweya wambiri, mapazi omata pathanthwe, n'kumagwera agwape kuchokera m'nkhungu.

Akanangolota n'kusiyira pomwepo! Koma manja a mmisiri amayabwa. Anapinda nsungwi kuseri kwa nkhokwe, n'kuziveka makoko a chimanga ndi khonje, mpaka chinthu chija chinaima, chokongola mochititsa mantha.

A Modesta, oyandikana nawo nyumba, anasuzumira pampanda. "Kodi achimwene, chimenechi n'chiyani?"

"Ndi chilombo cha m'tsogolo," anayankha monyadira.

Mawu amenewo ndiwo anawapachika. Kwathu kuno chilombo chovala makoko a chimanga ndi cha gule wamkulu, ndipo Mkhristu wodya mgonero sayandikirako. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kwa abusa.

"Si nyau ayi, abusa, ndi mbira," anatero a Elifala pamaso pa akulu a mpingo.

"Mbira ya mano otero munaiona kuti?"

"Sinabadwe."

Akuluakulu aja anangoyang'anana.

Kunyumba akazi awo, a Marita, anawagwira mwendo. "Bambo, kangochitenthani. Mgonero ndi Lamulungu likubwerali. Mukufuna akuduleni mumpingo chifukwa cha makoko?"

A Elifala anachikokera pabwalo masanasana kuti aliyense aone, n'kuyatsa. Zinawapweteka kwambiri, moti misozi sanaibise. Mano aja, amene anawasema ndi mtengo wa mbawa, ndiwo anapsa pomaliza.

"Mwaonatu!" anatero a Modesta kwa amayi anzawo. "Gule akatha, chilombo amachitentha. Mwambo akuudziwa bwino bambowa."

Lamulungu dzina lawo linawerengedwa pamodzi ndi odulidwa. A Elifala anakhala pa benchi yakumbuyo, manja ali ndi matuza a moto uja, chikho cha mgonero n'kumayenda m'mizere yakutsogolo. Analibenso china choti atenthe.