Tinaika Achemwali Tsiku la Sikelo

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri. Kunena zoona sikunali kugona, kunali kungotsamira khoma m'siwa, kumutu kwa bokosi la achemwali anga. Amayi a kumpingo anali ataimba usiku wonse mpaka mawu kusasa. Panja abambo amawotha chikuni chonyowa, utsi wokhawokha. Inali nthawi ija chimanga chisanache, njala ili pakhomo paliponse.

Pamiyendo panga panagona Tadala, mwana wa malemuwo, wazaka ziwiri. Mwanayu anatupa mapazi chaka chitangoyamba, tsitsi lake n'kufiira. Anatipulumutsira ndi anthu a bungwe lina lothandiza ana, amene amabwera ndi galimoto kufupi ndi Lirangwe Lachinayi, kamodzi pa masabata awiri. Amamuyeza pamkono ndi kalamba, n'kumupatsa chiponde. Mulungu awadalitse anthu amenewo, ngakhale mayina awo sindiwadziwa. Tsono paketi yomaliza Tadala ananyambita dzulo lake, ndipo tsiku loika malirolo linali Lachinayi la sikelo.

Achemwali ali gone kuchipatala anandigwira dzanja n'kuti, "Khadi lake lili m'Baibulo, pa Masalimo. Usadzaphonye Lachinayi."

Kwathu kuno mng'ono wa malemu sachoka kumutu kwa maliro mpaka atanyamulidwa. Chiponde nachonso sapereka popanda mwana. Ndinayesa kumupereka Tadala kwa mayi wina kuti andipitire naye, koma analira mpaka kubanika. Kutacha ndinakagwada kwa amalume, amene amayendetsa mwambo wonse.

"Iwe, anthu ati chiyani?" anandifunsa. Anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. "Pita. Koma ikamakwana leveni ukhale utafika. Mitamboyi sindikuikhulupirira."

Aneba athu achisilamu, bambo wa kabaza, ndiwo anatinyamula. Pochoka, kuseri kwa nyumba amayi anali akuuzira moto, nyemba zili pamafuwa. M'njira tinakumana ndi anthu obwera kumaliro, ena ochokera ku Mdeka, ena ku Chileka, mitolo ya nkhuni ndi mabeseni a ufa pamutu. Onse kulowera kwathu, ine ndekha kutuluka. Ndinamva wina akuti, "Si mng'ono wake uyo?" Ndinazolika, ndikupemphera chamumtima.

Kusikelo mzere unali wautali, koma amayi atamva za maliro anandikankhira kutsogolo. Mayi wa bungwe uja anatsegula khadi n'kufunsa kuti amake a mwanayu ali kuti lero. Ndinamuuza kuti tikuwaika lero, n'kutchula dzina langa. Anandiyang'ana m'maso, osafunsanso. Anadula mzere pa dzina la achemwali, n'kulemba langa pansi pake. Kalamba kaja kanali kadakali pofiira, pamlingo wa ngozi, koma pafupi ndi pachikasu.

"Mwachita bwino kubwera naye, mayi," anatero. "Masabata awiri opanda chiponde akanabwerera pakale."

Pobwerera mvula inatipeza. Kakhwawa kamene tinaoloka m'mawa kanali katadzadza, tinaima kudikira kuti kaphwe. Kenako matope, njinga yochita kukankha. Ndinafunditsa Tadala ndi chitenje, chiponde ndinachibisa pamimba.

Tisanafike pakhomo ndinamva nyimbo ikuchokera njira ya kumanda. Ndinadziwiratu. Poopa kuti madzi adzadza m'manda, anaonetsa nkhope msanga, n'kukhomera bokosi. Mudzi wonse unawatsanzika achemwali anga. Ine amene ndinayamwa bere limodzi nawo, nkhope yawo sindinaione.

Ndinalowa kumbuyo kwa mdipiti ngati mlendo. Adzukulu amasinthana bokosi akuterereka. Amayi a kumpingo, mayunifolomu awo oyera atathimbirira matope, amaimba chapansipansi. Kumanda abusa akupemphera, ndege yopita ku Chileka inadutsa m'munsi n'kumeza mawu awo, ndinangomva Ameni. Ndinaponya dothi langa, linali phala lokhalokha. Pamenepo ndi pamene ndinalira, mwana ali kumbuyo.

Anthu akubalalika, amalume anandiyandikira. Ndinkati andikalipira.

"Anampatsa?"

"Anampatsa, amalume."

Anagwedeza mutu, n'kupukuta m'maso ndi chipewa.

Madzulo nyumba inangoti zii. Mikeka atapinda, panja phulusa lonyowa, pakati pa chipinda pooneka pamene panakhala bokosi. Amayi awiri otsala kutigoneka anali akuwodzera pakona. Ndinabwezera khadi lija m'Baibulo, pa Masalimo pomwe paja. Ndinasamba m'manja monga anatiphunzitsira a bungwe aja, ndinang'amba paketi pakona, n'kumupatsa Tadala.

Anayamwa pang'ono, kenako anatembenukira kukhomo n'kuitana, "Amama."

Ndinadikira. Panalibe wina woti ayankhe.

"Ndili pano, mwanawe," ndinatero. "Idya."

Anandiyang'anitsitsa, n'kubwezera paketi pakamwa. Ambuye, zikomo, anamaliza yonse.